Phula la pang'oma ndi khoma la kuchipinda kwa bambo

Bambo anga anakhala nafe miyezi itatu kuno ku Lilongwe pamene ankalandira chithandizo kuchipatala. Tinawapatsa chipinda cha ana, chimene chili kumapeto kwa nyumba. Usiku wachiwiri ndinadzuka kuti ndikamwe madzi, ndipo ndinawapeza pabalaza atakhala pampando mumdima, dzanja lili pachifuwa. Mtima wanga unagunda, ndinaganiza kuti matenda akula.

"Bambo, mukumva kupweteka?"

"Ayi mwanawe, sikukupweteka. Koma chinthuchi chikundigunda muno. Nyimbo yake sindikuimva, woimba sindikumumva, koma ng'oma yake yokha ikuchita kulowa m'nthiti."

Kuseri kwa mpanda wathu, kudumpha nyumba ziwiri, kuli bala. Ife tinali titazolowera, kapena tinkaganiza kuti tazolowera. Munthu wochokera kumudzi ku Ntchisi, kumene usiku umangomva nkhululu ndi galu wa patali, sakanazolowera. Ndipo m'mawu ochepawo bambo ananena ndendende chinthu chimene ine, amene ndimaphunzitsa Fizikisi kusekondale, ndinali ndisanachiganizirepo mozama. Khoma limasankha. Mawu aang'ono, a gitala ndi a woimba, limawagwira. Besi limangomulola adutse.

Choyamba ndinachita zimene aliyense amakuuza. Ndinatolera mathireyi a mazira kumsika, n'kukhoma khoma lonse la chipindacho. Mawu a munthu wolankhula m'chipindamo anafewa pang'ono, koma za kubala zija zinkalowabe monga kale. Kumeza mawu amene ali kale m'chipinda ndi kutsekereza mawu ochokera kunja ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo pepala lopepuka ngati la thireyi silingathe ntchito yachiwiriyo. Amene mukufuna kuyesa, sungani misomali yanu.

Kenako ndinaitana mmisiri wina wachikulire amene wamanga nyumba zambiri m'dera lathu. Sanayang'ane n'komwe khomalo. Anakwera pa tebulo, n'kukankha bolodi limodzi la siling'i, n'kuwalitsa tochi ya foni.

"Aphunzitsi, takwerani muone. Mwaliveka khoma malaya, koma mutu wake uli pamtunda."

Khoma linathera pamene pali siling'i. Pamwamba pake, mpaka kukafika ku malata, panali poyera, ndipo m'mizere ya malata munkaoneka kuwala kwa panja. Njerwa zotseka pakati pa khoma ndi malata sanaike. Mkulu uja anangoti pamene padutsa mphepo, mawu amadutsanso pomwepo. Masamu amamuvomereza: ngati gawo limodzi lokha mwa magawo 100 a khoma lili lobooka, khomalo silingachepetse phokoso kuposa ma decibel 20 (decibel ndi muyeso wa kukula kwa phokoso), ngakhale mbali yotsalayo mutaimanga ndi miyala ya ku Mulanje. Eni nyumba anavomera, tinagula njerwa ndi thumba la simenti, tinatseka, tinaikanso mphira m'munsi mwa chitseko. Kusintha kwake kunali kwakukulu. Mawu a anthu oledzera, kulira kwa mabotolo, wailesi ya aneba, zonse zinapita kutali. Koma kugunda kuja kunatsala, ndipo popeza zina zonse zinali zitachepa, kunkamveka bwino kuposa kale.

Apa ndi pamene ndinayamba kuwerenga usiku, ndipo zimene ndinapeza zandigwira mtima mpaka lero.

Mawu ndi mpweya umene ukukankha ndi kukoka. Ukafika pakhoma umaligwedeza, khomalo n'kugwedeza mpweya wa mbali inayo. Khoma lolemera limavuta kuligwedeza, ndiye lamulo lakale la amisiri a zamawu ndi ili: ukawirikiza kawiri kulemera kwa khoma, umapindula ma decibel pafupifupi 6 okha. Ukafuna 12, uwirikize kanayi. Lamulo lomwelo limanenanso kuti mawu akamatsika, khoma limafooka: mawu ogwedezeka ka 100 pa sekondi, amene timati ma hertz 100, amadutsa mosavuta kwambiri kuposa a ma hertz 1,000. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi mumpweya, choncho funde limodzi la ma hertz 1,000 ndi lotalika masentimita 34, pamene la ma hertz 100 ndi mamita 3.4. Funde limenelo ndi lalitali kuposa chipinda chimene bambo ankagona. Kuti thonje kapena siponji limeze bwino funde lotere, liyenera kukhuthala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a fundelo, kutanthauza masentimita 85. Ndani angapereke malo otere m'chipinda cha nyumba ya lendi?

Ndiye kwa zaka zambiri bata lakhala likugulidwa ndi kulemera ndi malo. Njerwa zambiri, makoma awiri okhala ndi mpata pakati, puloti yaikulu yoti phokoso lifere m'njira. Zonsezi ndi ndalama. Malangizo a bungwe la WHO a mu 1999 amati phokoso m'chipinda chogona lisapitirire ma decibel 30 usiku. Ku England, kuyambira mu 2003, khoma logawa nyumba ziwiri zatsopano liyenera kuyesedwa kapena kumangidwa mwa njira yovomerezeka kuti lichepetse mawu ndi ma decibel 45. Ife m'nyumba za mdadada za ku Kawale, Ndirande kapena Chibavi timadziwana chifuwa ndi aneba, timadziwa nthawi imene mwana wawo wadzuka, ndipo timangoti ndi mmene moyo wa m'tauni ulili. Ine sindikuvomerezanso. Wodwala wosagona sachira msanga, ndipo mwana wa Fomu 4 amene ndimamuona akusinza m'kalasi nthawi zina si waulesi.

Funso limene akatswiri ena anafunsa linali lakuti: kodi sitingapeze bata kuchokera ku kapangidwe ka chinthu, m'malo mwa kulemera kwake? Zinthu zopangidwa mwa njira imeneyi amazitcha ma metamaterial. Zipangizo zake ndi wamba, pulasitiki, mphira, chitsulo, koma mphamvu yake ili m'mene tizidutswa take tasanjidwira.

Nkhani yake imayambira pamalo osayembekezeka. Ku Madrid, pabwalo la Fundación Juan March, kuli chosema cha Eusebio Sempere, mipope yachitsulo yoima mondondozana. Mu 1995 akatswiri a ku Spain anaika chokuzira mawu mbali ina ndi maikolofoni mbali inayo, ndipo anapeza kuti mawu a pafupi ndi ma hertz 1,670 amafooka kwambiri podutsa m'nkhalango ya mipopeyo, ngakhale kuti pakati pake m'poyera. Mafunde obwerera kuchokera ku mpope uliwonse ankaphana okhaokha. Vuto linali lakuti njira imeneyi imafuna kuti mipata ifanane kukula ndi fundelo. Kwa besi wa kubala kuja, mipope iyenera kutalikirana mita ndi theka kapena kuposa. Si khoma limenelo, ndi munda.

Chimene chinasintha zinthu chinachokera ku Hong Kong University of Science and Technology mu 2000, m'gulu la Ping Sheng ndi Zhengyou Liu. Anatenga timipira ta mtovu ta sentimita imodzi, kalikonse n'kukakuta ndi mphira wofewa wa silicone wokhuthala mamilimita 2.5, kenako n'kutimata pamodzi mu guluu wolimba wotchedwa epoxy. Chibenthu cha masentimita awiri okha chinatsekereza mawu a ma hertz 400 kuposa mmene lamulo la kulemera limalolera, kakhumi kapena kupitirira. Funde la ma hertz 400 ndi lotalika masentimita 85 mumpweya. Kanthu ka masentimita awiri kanaliimitsa.

Zimatheka bwanji? Ine ndinamvetsa nditakumbukira amayi anga akuchokera kuchitsime. Ukasenza ndowa yosadzaza n'kumayenda mwa liwiro linalake, madzi amayamba kukhavukira, ndipo pamafika poti iwe ukamapita kutsogolo madzi akupita kumbuyo. Ndowa imakukaniza, imakhala ngati yalemera kuposa mmene inalili pachitsime, khosi limauma. N'chifukwa chake amayi ankaikamo masamba pamwamba. Kampira ka mtovu kali mumphira wake kamachita ngati madzi aja. Kali ndi liwiro lake limene kamakonda kugwedezekera, ndipo mawu a liwiro loyandikira pamenepo akakankha khoma, timipira tonse timasuntha mokana. Mphepo ya mawu ikukankhira khoma kuno, timipira tikukokera uko, khoma n'kungoima. Khoma losagwedezeka silipereka mawu kumbali inayo. Akatswiri amati pamenepo chinthucho chimachita ngati kulemera kwake kwatembenuka, koma palibe matsenga, ndi ndowa ya amayi basi.

Mtovu ndi wolemera komanso ndi poizoni, palibe angaufune m'chipinda cha ana. Mu 2008 Zhiyu Yang ndi anzake a payunivesite yomweyo anapeza njira yopepuka. Anakunga kachikopa ka mphira pa kafelemu kakang'ono, n'kumata kolemera pang'ono pakati pake. Nditaona chithunzi chake ndinaimirira pampando. Ndi ng'oma! Aliyense amene anakulira kumene kumavinidwa gule wamkulu kapena chimtali amadziwa kuti woimba amamata phula pakati pa chikopa kuti ng'oma ilire mawu aakulu, ndipo akafuna kuti ikwere amaiyandikiza kumoto kuti chikopa chikungike. Kuchuluka kwa phula ndi kukungika kwa chikopa, zinthu ziwiri zomwezo ndi zimene a ku Hong Kong amasintha posankha mawu oti atsekerezedwe. Kusiyana kwake n'kwakuti woimba amafuna pamene chikopa chikulira kwambiri, pamene iwo amafuna malo apakati, pamene phula likupita kutsogolo, chikopa cha m'mbali chikupita kumbuyo, zonse pamodzi n'kukhala ngati palibe chasuntha. Mu 2010 gulu lomwelo linasanjikiza timatabwa ta ting'oma totere tosiyanasiyana, ndipo mulu wosapitirira masentimita 6, wolemera makilogalamu osaposa 15 pa sikweya mita, unachepetsa mawu a pakati pa ma hertz 50 ndi 1,000 ndi ma decibel opitirira 40 powerengera onse pamodzi. Khoma la njerwa imodzi yogoneka limalemera makilogalamu pafupifupi 200 pa sikweya mita.

Ndinayesa ndi ana a kalabu ya sayansi kusukulu. Tinatenga chidutswa cha paipi ya pulasitiki, tinakunga baluni kukamwa kwake n'kumanga ndi mphira wa chubu, pakati pa baluniyo tinamata batani la malaya. Kumapeto enawo tinaika kasipika kolumikiza ku foni imene inkaimba mawu amodzi okwera pang'onopang'ono, ndipo tinatseka m'mbali ndi nsanza. Ana anaunjikana makutu ali tcheru. Mawu ankakwera, pena baluni n'kuyamba kulira kwambiri, kenako pamalo ena anafooka ngati wina watseka chitseko, n'kubweranso. Mtsikana wina wa Fomu 3 anati, "Sala, bwezeraninso pomwe paja." Tinabwereza kanayi. Titamata batani lachiwiri pamwamba pa loyamba, malo ofookawo anatsika. Sitinayeze ndi zida za mu labu, tinangodalira makutu, koma ana aja anachoka akukangana za phula la ng'oma za kwawo, ndipo tsiku limenelo ndinakondwa ndi ntchito yanga.

Palinso banja lina la ma metamaterial limene siligwiritsa ntchito chikopa koma mphako. Ukauzira pakamwa pa botolo lopanda kanthu limalira mawu amodzi, ukathiramo madzi mawuwo amakwera. Hermann von Helmholtz wa ku Germany anafotokoza zimenezi cha m'ma 1860, ndipo oimba ulimba ku Nsanje amazidziwa m'manja mwawo akamasankha chikho choti chikhale pansi pa thabwa lililonse. Mphako yotere ikakhala m'khoma imakoka mawu a liwiro lake, mpweya n'kumakhuzana pakhosi pake mpaka mphamvu yake kutha. Mu 2016 Yong Li ndi Badreddine Assouar ku Nancy, France, anapinda njira yaitali ya mpweya ngati nkhata, n'kuilowetsa m'kathabwa kokhuthala kungopitirira sentimita imodzi, ndipo kanameza pafupifupi mawu onse a ma hertz 125. Thonje lochita ntchito yomweyo likanadya theka la mita ndi kuposa.

Koma chimene chimandikhudza kwambiri monga munthu wokhala m'dziko lotentha ndi cha ku Boston University cha mu 2019. Xin Zhang ndi Reza Ghaffarivardavagh anapanga mkombero wa pulasitiki wobooka pakati, m'mphepete mwake muli tinjira tozungulira ngati chigoba cha nkhono. Mawu ena amadutsa pabowo, ena amazungulira m'tinjirato n'kutuluka mochedwa, akakumana amaphana. Mpweya umadutsa, mawu amatsala. Anauika kukamwa kwa paipi yokhala ndi sipika ndipo unabweza magawo 94 mwa 100 a mphamvu ya mawuwo. Monga mphunzitsi ndiyenera kunena kuti magawo 94 amenewo ndi ma decibel pafupifupi 12, si chete weniweni, koma khutu limamva ngati phokoso latsika kupitirira theka. Tsono ganizirani mwezi wa Okutobala. Mabuku a ku Ulaya amati tsekani mazenera, matani mipata yonse. Ife mu Okutobala tikatseka zenera sitigona chifukwa cha thukuta, tikatsegula sitigona chifukwa cha phokoso. Titatseka pamwamba pa khoma paja, chipinda cha bambo chinayamba kutentha kuposa kale, ndipo iwo anandiuza. Bowo lolola mphepo n'kukana phokoso ndi chinthu chimene ife tikuchifuna kuposa amene anachitulukira.

Zina mwa izi zinatuluka kale mu labu. Kampani ya Nissan inaonetsa ku Las Vegas mu 2020 kathabwa ka timabokosi ndi pulasitiki wopyapyala kotsekereza phokoso la msewu m'galimoto, kolemera gawo limodzi mwa magawo anayi a mphira amene ankagwiritsa ntchito. Chaka chomwecho kampani ya ku Britain yopanga masipika ya KEF inaika kambale ka tinjira 30 tokhotakhota kuseri kwa sipika kuti kameze mawu obwerera. M'makoma a nyumba zogona ndi momwe zikuchedwa kufika, ndipo zifukwa zake n'zomveka.

Paja ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika, ndiye ndisakokomeze. Kang'oma kalikonse, botolo lililonse, limagwira bwino mawu a m'kagawo kochepa, ndipo pafupi pomwepo pamakhala mawu ena amene amadutsa mosavuta kuposa pakhoma wamba. Nyimbo sikhala pamalo amodzi, besi amakwera n'kutsika. Kuti ugwire mawu ambiri uyenera kusanjikiza mitundu yambiri, ndipo kukhuthala ndi mtengo zimabwereranso. Mphira umafooka ndi kutentha, ndipo pansi pa malata athu masana chikopa chokungidwa lero sichingakhale chimodzimodzi pakatha zaka zisanu. Pali nkhani ya moto. Pali fumbi, akangaude ndi mavu amene amakonda bowo lililonse. Zambiri mwa zotsatira zosangalatsazi zimayesedwa pa kazidutswa kakang'ono ngati mbale m'kati mwa paipi, osati pakhoma lokhala ndi zenera, chitseko ndi soketi. Ndipo ngakhale khoma likhale labwino chotani, mawu amazemba kudzera m'malata, m'mitengo ya denga ndi pansi. Mmisiri uja ndi tochi yake amakhalabe woyamba. Amene sanatseke pamwamba pa khoma asaganize n'komwe za ma metamaterial.

Komabe pali mtundu wa phokoso umene njirazi zimaukwanira bwino, ndipo ndi umene watizungulira. Magetsi athu ndi a ma hertz 50, choncho thiransifoma imang'ung'udza pa ma hertz 100, usana ndi usiku, osasintha. Jenereta imene imalira magetsi akazima imayenda pa liwiro limodzi. Mota ya chigayo chimodzimodzi. Awa ndi mawu okhazikika, ongofuna botolo la muyeso wake.

Apa ndi pamene maganizo anga afika pa chikombole. Mu 2018 malamulo a bungwe loyang'anira zomangamanga la National Construction Industry Council analetsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda pofuna kupulumutsa mitengo, ndipo m'mbali mwa misewu ya m'tauni anyamata akuumba mabuloko a simenti tsiku ndi tsiku. Buloko lili ndi mphako kale. Mphakoyo imalipeputsa, zimene mwa lamulo la kulemera si zabwino pa phokoso. Koma mphako yomweyo ukaitseka pamwamba n'kuitsegulira kampata kopyapyala kutsogolo, yasanduka botolo la Helmholtz. Izi si zatsopano, ku America mabuloko a mipata otere akhala akumangidwa kwa zaka makumi angapo m'zipinda za makina ndi mozungulira mathiransifoma. Satsekereza mawu ngati khoma lolemera, koma amameza phokoso kumene likuchokera, lotuluka panja n'kuchepa. Chimene kafukufuku watsopanoyu akuwonjezera ndi nzeru yopinda khosi la botolo ndi kusakaniza mphako za miyeso yosiyana, kuti buloko laling'ono lifikire mawu otsika. Simenti ndi yomweyo, mchenga ndi womwewo. Chosintha ndi chikombole, ndipo zikombole amawotcherera anyamata athu omwewa ku Biwi ndi ku Mchesi. Ngati kulemera sitingakugule, kapangidwe tingathe kukakopera. Ndikanakonda ophunzira a zauinjiniya ku mayunivesite a MUBAS ndi MUST atazitenga izi ngati zawo, n'kuyesa ndi mabuloko enieni a m'mbali mwa msewu, osati a m'mabuku.

Bambo anabwerera kumudzi atapeza bwino. Masabata omaliza tinawasamutsira kuchipinda kwathu, chimene chili mbali ya kutsogolo, ife n'kumagona kwa ana. Besi wa kubala adakagundabe Lachisanu lililonse.

Kusukulu kwathu kuli kanyumba ka jenereta pafupi ndi kalasi ya Fomu 4, ndipo khoma lake limodzi linang'aluka, liyenera kugwetsedwa. Ndinapempha aphunzitsi aakulu kuti pomanganso tiyese mabuloko a mipata mbali ya m'kati. Sabata yatha ndinapita kwa mmisiri uja ndi pepala limene ndinajambulapo buloko lokhala ndi mphako ziwiri zosiyana kukula, iliyonse ndi kampata kake. Analiyang'ana nthawi yaitali, analitembenuza, anayeza kampatako ndi chala.

"Apa matope adzalowa pomanga, adzatseka. Tidzaikemo kathabwa, tizichotsa simenti ikagwira. Nanga kukula kwa kampataka mwakutenga kuti?"

Ndinawauza kuti ndiyenera kukajambula kaye kulira kwa jenereta ija ndi foni, ndione mawu amene akuposa anzake, kenako ndiwerengere.

"Kayezeni ndiye, Aphunzitsi. Mukabwera ndi nambala, chikombole ndikawotcheretsa ndine."

Magetsi akazima mawa pa nthawi ya sukulu, ana a kalabu aja akudziwa kale poti akaime ndi foni.